MASO OGONA PA THUNTHU: PHUNZIRO LA KUPATULIRA MITENGO YA THUNDU

 Nkhani ndakutengeraniyi ndi ya mtengo umene ambiri mwa ife sitidauonepo ndi maso, koma ndikupemphani muleze mtima mpaka kumapeto, chifukwa zina mwa zimene ndifotokoze mudzakumana nazo pa mayeso a Bayoloje ndi Zaulimi. Ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwathu.

Chaka chatha, pa nthawi ya ntchito za manja, gulu lathu lidatumidwa ku kamunda ka bulugamu kuseri kwa nyumba zogona. Mitengo idali yothinana kwambiri, ndipo adatiuza kuti tipatulire pochotsa yoonda ndi yopindika yokha. Koma poti nkhwangwa zidali zakuthwa, ndiponso kukhitchini kunkafunika nkhuni, tidapyola muyeso. Pa mitengo itatu iliyonse tidagwetsa iwiri. Mvula itagwa, patapita miyezi ingapo, ina mwa mitengo yotsalayo, imene idali yosalala ngati nsanamira, idamera timphukira thunthu lonse kuyambira m'chiuno mpaka kumwamba. Aphunzitsi athu a Zaulimi sadatikalipire. Adangoti, "Anyamata inu mwachita mwayi kuti ameneyu ndi bulugamu wa nkhuni. Mukadachita zoterezi m'nkhalango ya thundu ku France, mukadawononga thukuta la anthu a mibadwo isanu ndi umodzi." Mawu amenewa adandisowetsa mtendere, choncho ndidayamba kufunsa ndi kuwerenga. Zimene ndidapeza ndi izi.

Kodi thundu ndi mtengo wotani?

Angerezi amautcha oak, ndipo Baibulo lakale la Chichewa likamakamba za mtengowu limati thundu. Chonde musasokoneze mawu awiriwa: thundu ndi dzina la mtengo, pomwe thunthu ndi thupi la mtengo uliwonse kuchokera pansi mpaka pamene payambira nthambi. A sayansi amaika mitengoyi m'gulu lotchedwa Quercus, momwe muli mitundu yoposa 400, ndipo yambiri imamera ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America. Ku Ulaya mitundu iwiri yodziwika ndi matabwa abwino ndi Quercus robur ndi Quercus petraea. Masamba ake ndi okhotakhota m'mbali ndipo amayoyoka m'nyengo yozizira. Chipatso chake ndi kamtedza kokhala m'kachipewa, kamene nkhumba zimakonda.

Mtengowu umakula pang'onopang'ono, koma matabwa ake ndi olimba ndi osawola msanga. Kale ankapangira sitima zapamadzi ndi mitanda ya madenga. Masiku ano amapangira mipando, zitseko, matabwa oyala pansi ndiponso migolo yosungiramo vinyo. M'chaka cha 1669, nduna ya Mfumu Louis XIV, Jean-Baptiste Colbert, idakonza lamulo lalikulu losamalira nkhalango za ku France pofuna kuti dzikolo lisadzasowe mitengo yopangira sitima zankhondo. Imodzi mwa nkhalango zimene zidatchuka kuchokera nthawi imeneyo ndi ya Tronçais, pakati pa dzikolo, yomwe kukula kwake kumaposa mahekitala 10,000. M'nkhalango zotere mtengo wa thundu amaudula utafika zaka 180 kapena 200, mwinanso kuposa pamenepo.

Kufunika kwa mitengo yowongoka kudaonekera poyera pamene tchalitchi cha Notre-Dame mumzinda wa Paris chidapsa pa 15 Epulo 2019. Denga lake, lomwe mitanda yake yambiri idali ya thundu wa m'zaka za m'ma 1200, lidanyeka lonse. Pomanganso padafunika mitengo ya thundu yoposa 1,000, ndipo ina yaitali kwambiri idadulidwa m'nkhalango ya Bercé m'chaka cha 2021. Tchalitchichi chidatsegulidwanso mu Disembala 2024. Mitengo imeneyi siidangopezeka mwangozi. Padali anthu amene adaisamalira zaka zambirimbiri, ndipo mbali yaikulu ya chisamalirocho idali kupatulira.

Maso amene amagona pa khungwa

Aliyense amene adabzalapo nzimbe kapena chinangwa amadziwa diso, pamene mphukira imatulukira. Mukayang'ana bwino nthambi yanthete ya mtengo uliwonse, muona kuti m'khwapa mwa tsamba lililonse muli kadiso. Thundu akamakula, chaka chilichonse nsonga yake imatalika ndi kusiya maso ambiri m'mbali mwake. Chaka chotsatira, maso akuluakulu, makamaka a kufupi ndi nsonga, amaphuka n'kusanduka nthambi. Ang'onoang'ono amatsala osaphuka. Ena amafa m'kupita kwa nthawi, koma ambiri amakhala ndi moyo, ali chigonere.

Chodabwitsa ndi ichi. Thunthu limanenepa chaka ndi chaka powonjeza mzere watsopano wa thabwa pansi pa khungwa. Mizere imeneyi ndi ija timawerenga pa chitsa pofuna kudziwa zaka za mtengo. Diso logona likadangokhala pamalo amodzi, bwenzi litakwiririka m'kati n'kufa. Koma ilo limakulako pang'ono chaka chilichonse, mofanana ndi kukula kwa mzere wa chakacho, kotero kuti nthawi zonse limapezeka pakhungwa. Kumbuyo kwake limasiya kamtsempha kopyapyala kolowera mpaka pakatikati pa thunthu.

Kumbukiraninso kuti mtengo umatalikira kunsonga kokha. Mukakhoma msomali pa thunthu pa msinkhu wa mamita awiri, udzakhala pa mamita awiri pomwepo ngakhale patapita zaka 50. Choncho diso limene likugona pa mamita awiri pa thundu wa zaka 150 lidapangika pamene mtengowo udali kamtengo kongopitirira munthu kutalika. Lakhala likudikira nthawi yonseyi.

Diso limodzi likhozanso kubereka maso ena m'tsinde mwake, n'kupanga kagulu. Ndiponso mphukira ikatuluka n'kufa, imasiya maso atsopano pamene idatulukirapo. Motero malo amene adaphukapo kamodzi savuta kuphukanso. Nthawi zina magulu a masowa amachuluka mpaka thunthu limatupa n'kupanga chotupa chachikulu.

A sayansi amatcha mphukira zotulukira pa thunthuzi epicormic, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza "pamwamba pa" ndi "thunthu". Afalansa amazitcha gourmands, kutanthauza adyera. Ajeremani amati Wasserreiser, nthambi za madzi.

Nanga mtengo umasungiranji maso amenewa? Ndi nkhokwe yake ya pa tsoka. Mbozi zikadya masamba onse, chisanu chikawotcha nsonga, kapena mphepo ikathyola nthambi zakumwamba, mtengo umadzutsa maso ogonawo n'kupeza masamba atsopano msanga. Kwa mtengowo ndi chipulumutso. Amene amadandaula ndi munthu wofuna matabwa.

Chimagonetsa masowa n'chiyani?

Anzanga ochokera kumene amalima fodya akudziwa kale yankho, ngakhale mwina sadziwa dzina lake. Mlimi akathena fodya, pasanathe masiku ambiri m'khwapa mwa masamba mumatuluka tiana, ndipo amayenera kumazungulira m'munda kutithothola. Izi zikusonyeza kuti nsonga ndi imene imaletsa maso a m'munsi kuphuka. M'buku la Bayoloje zimenezi amazitcha apical dominance, kunena kuti ulamuliro wa nsonga.

Nsonga ndi masamba anthete amapanga homoni yotchedwa auxin, imene imatsika m'tsinde kulowera kumizu. M'chaka cha 1933, akatswiri awiri, Kenneth Thimann ndi Folke Skoog, akugwira ntchito ku California, adadula nsonga za mtundu wina wa nyemba ndipo maso a m'mbali adaphuka. Atadula zina n'kuika auxin pabalapo, masowo adakhalabe chigonere. Apa padaoneka kuti auxin ndiye uthenga wa nsonga wouza maso kuti adikire. Ine ndidayesako theka loyamba la ntchitoyi ndi nyemba ziwiri m'zitini pazenera la kalasi. Ndidatsina nsonga ya imodzi n'kusiya inayo. Patatha sabata ndi masiku angapo, yotsinidwayo idatulutsa mphukira m'mbali, inzakeyo idangopitirira kutalika. Yesani nanunso, sizilira ndalama.

Koma auxin sagwira ntchito yekha. Pali homoni ina yotchedwa cytokinin, imene yambiri imachokera kumizu, ndipo iyo imalimbikitsa maso kuphuka. Palinso yachitatu imene dzina lake likutikhudza ife kuno kwathu. Tonse timamudziwa kaufiti, udzu wa maluwa ofiira uja umene umayamwa mizu ya chimanga. Dzina lake la sayansi ndi Striga. Njere za kaufiti sizimera mpaka zitamva timadzi tina totuluka m'mizu ya mbewu. Timadzi timeneti adatipeza koyamba m'mizu ya thonje m'chaka cha 1966, ndipo gulu lake lonse limatchedwa strigolactone. M'chaka cha 2008, akatswiri adapeza kuti chomera chimapanga strigolactone pa ntchito yakeyake, yoletsa maso kuphuka. Kaufiti amangobera uthenga umene sudali wake. Kenaka m'chaka cha 2014, ofufuza a ku Australia adasonyeza pa nsawawa kuti shuga nayenso ali ndi mbali: nsonga ikadulidwa, shuga amene inkadya amasefukira ku maso a m'mbali, ndipo amayamba kukula mwamsanga.

Zoyesa zimenezi zidachitika pa mbewu zazing'ono, koma phunziro lake limathandiza kumvetsa mtengo waukulu. Thundu amene ali ndi mutu waukulu wathanzi, kutanthauza nthambi ndi masamba ambiri akumwamba, amalamulira bwino maso a pathunthu lake. Amene mutu wake ndi wochepa kapena wovulala, ulamuliro wake ndi wofooka.

Chifukwa chiyani amapatulira?

Nkhalango ya thundu ikamayamba, timitengo timamera tambirimbiri pa hekitala imodzi, tothinana ngati nazale ya fodya. Oyang'anira nkhalango amakusiya dala kuthinanaku pa zaka zoyamba. Mumthunzi, nthambi za m'munsi zimauma n'kugwa zokha zikadali zazing'ono, ndipo mitengo imathamangira kumwamba kufuna dzuwa. Umu ndi mmene thunthu lalitali, lowongoka ndi losalala limapangikira.

Koma mitengo ikakhalitsa mothinana, mitu yake imachepa, ndipo mtengo wa masamba ochepa sunenepa. Choncho pamafunika kuchotsa ina kuti yotsalayo ipeze malo otambasulira nthambi. Ntchitoyi imabwerezedwa kambirimbiri, mpaka pa mapeto pamatsala mitengo yosakwana 100 pa hekitala.

Tiyeni tichite kasamu kakang'ono kuti tione chimene chimayesa woyang'anira nkhalango. Tiyerekeze kuti mzere wa chaka ndi wa mamilimita 2. Poti mzerewo umazungulira thunthu mbali zonse, thunthulo limanenepa ndi mamilimita 4 pa chaka. Kuti lifike masentimita 60 m'mimba mwake, pafunika zaka 150. Tsono tiyerekeze kuti tapatulira kwambiri, mtengo wapeza malo, mzere wafika mamilimita 4. Thunthu lomwelo lifika masentimita 60 pa zaka 75 zokha. Ndani sangakopeke ndi kudula nthawi pakati? Vuto lili pa zimene zimachitika pakhungwa.

Zimene zimachitika akapatulira

Mitengo yoyandikana ikagwetsedwa, zinthu zitatu zimasintha nthawi imodzi kwa mtengo wotsala. Choyamba, dzuwa limafika pathunthu limene lidazolowera mdima, ndipo khungwa limafunda. Chachiwiri, mizu imapeza madzi ndi chakudya chambiri chifukwa opikisana nawo achoka. Chachitatu, mutu wa mtengowo sungakule tsiku limodzi. Nthambi za thundu zimatenga zaka kuti zidzaze mpata umene watseguka. Mtengo tsono uli ndi madzi ambiri ndi kuwala kwambiri, koma masamba ochepa. Njira yachidule yowonjezera masamba ndiyo kudzutsa maso ogona aja.

Pano pali mfundo imene ndikufuna muigwiritse. Kuphuka kwa diso ndi chinthu china, kukhala ndi moyo kwa mphukira ndi chinanso. Ngakhale m'nkhalango yosapatulira, maso ena amaphuka ndithu chaka ndi chaka. Koma poti pansi pali mdima, timphukirato timafa tisanakule, ndipo chilema chimene timasiya n'chochepa. Akapatulira kwambiri, timphukira tomweto timapeza dzuwa, timakhala ndi moyo, timanenepa n'kusanduka nthambi zenizeni pamalo pamene pankayenera kukhala posalala. Choncho kupatulira sikupanga maso, chifukwa adalipo kale. Chimene kumachita ndi kupatsa mphukira mwayi wokula.

Mitengo siivutika mofanana. Imene imatulutsa mphukira zambiri ndi iyi:

1. Ya mitu yaing'ono, imene idapanikizidwa ndi inzake kwa nthawi yaitali.
2. Ya m'nkhalango imene adachedwa kupatulira, kenaka n'kudula yambiri kamodzi.
3. Ya m'mphepete mwa msewu kapena mwa malo amene adadula mitengo yonse.
4. Imene mbozi zadya masamba ake, kapena yavutika ndi chilala.
5. Imene idali kale ndi maso ambiri pakhungwa, mwa chibadwa chake kapena chifukwa cha mmene idakulira.

Mtundu nawonso uli ndi mbali. Ku Ulaya, Quercus robur amadziwika kuti amaphuka pathunthu kuposa Quercus petraea. Ku America, thundu woyera, Quercus alba, amaphuka kuposa thundu wofiira, Quercus rubra.

Mwina wina anganene kuti, basi tingoleka kupatulira. Ayi, kumeneko sikuthawa vuto. Mtengo ukapanikizidwa mpaka mutu wake kuyamba kufa, ulamuliro wa nsonga umatha, ndipo maso a pathunthu amaphuka ngakhale mumdima. Ajeremani ali ndi dzina lapadera la mphukira zoterezi, Angstreiser, kutanthauza nthambi za mantha. Woyang'anira nkhalango ali pakati pa ngozi ziwiri: akafulumira ndi nkhwangwa waononga, akazengereza waononganso. Paja Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ofufuza a bungwe la INRA kufupi ndi mzinda wa Nancy ku France, bungwe limene kuyambira 2020 likutchedwa INRAE, adaunika zipika za thundu ndi makina a X-ray ofanana ndi aja amaunikira anthu kuchipatala. Adatha kuona timitsempha ta maso m'kati mwa chipika osachicheka, n'kutitsatira mpaka pakatikati pa thunthu kapena pa tsinde la nthambi yakale. Ntchito yawo idalimbitsa mfundo yakuti mbiri ya mtengo pa ubwana wake imalemera kwambiri. Mtengo umene udasunga maso ambiri ukadali waung'ono umakhala ndi vutoli moyo wake wonse. Akuluakulu athu adanena kale kuti m'mera mpoyamba.

Kuipa kwake pa matabwa

Nthambi iliyonse imasiya mfundo m'thabwa. Mphukira ikakhala zaka zochepa imasiya kamfundo kakang'ono ngati kadontho. Ikakhala zaka makumi angapo imasiya mfundo yaikulu, ndipo ikafa n'kuwola, kuwolako kumatha kulowa m'kati. Ngakhale khungwa litadzatseka pamwamba, chilemacho sichichoka. Chipika chikhoza kuoneka chokongola kunja, koma macheka akangolowa, zonse zimaululika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake ogula mitengo amayenda pang'onopang'ono mozungulira chipika, kuwerenga zipsera ndi timatuza ta pakhungwa asanatchule mtengo wogulira.

Phindu lalikulu la thundu lili pa chipika choyamba, mamita angapo a m'munsi. Chikakhala choyera, amachisenga kukhala timapepala ta thabwa topyapyala, tosakwana milimita imodzi, timene amamata pamwamba pa mipando ndi zitseko. Pa kathabwa kopyapyala chotere, mfundo imaoneka kapena kubooka kumene. Opanga migolo ya vinyo nawonso sacheka thundu wa ku Ulaya mwachisawawa. Amachita kumuwaza motsatira mitsempha yake kuti mgolo usadonthe, ndipo chipika cha mfundo sichiwazika bwino. Chipika chimene chakanidwa pa ntchito ziwirizi chimatsika mtengo kwambiri, n'kukagulitsidwa ngati matabwa wamba. Taganizani, mtengo wasamalidwa zaka 100, ndiye kulakwa kwa chaka chimodzi n'kuutsitsa chotere.

Kunena chilungamo, alipo amisili ena amene amakonda thabwa la timfundo tambiri pofuna kukongoletsa. Timagulu ta mfundozo timaoneka ngati mapazi a mphaka, ndipo ku England ndi ku France amalitchadi ndi dzina lotero. Koma msika wake ndi waung'ono, ndipo palibe amene amasamalira nkhalango yonse ndi cholinga chimenecho.

Zimene oyang'anira nkhalango amachita

1. Kupatulira pang'onopang'ono koma kawirikawiri. M'malo modula mitengo yambiri kamodzi, amabwera zaka zisanu kapena khumi zilizonse n'kuchotsako yochepa. Mitu ya yotsalayo imatseka mpata msanga, ndipo mphukira zimene zidatuluka zimafa ndi mthunzi.

2. Kusankha msanga mitengo ya m'tsogolo. Nkhalango ikadali yaing'ono, amayendamo kufuna mitengo yowongoka, ya mitu yaikulu mbali zonse, ndi ya khungwa lopanda maso ambiri. Amaipaka utoto, ndipo kupatulira konse kumachitika pofuna kuthandiza imeneyi.

3. Kuveka thunthu mthunzi. Thundu amafuna dzuwa kumutu koma mthunzi pathunthu. Choncho pansi pake amasunga mitengo ina yopirira mthunzi, monga beech ndi hornbeam. Ajeremani amaitcha mitengo yotumikira. M'nkhalango za Spessart ku Germany, zotchuka ndi thundu wa timapepala ta thabwa, thundu amakulira pamodzi ndi beech. Komabe wotumikirayu ayenera kuyang'aniridwa, chifukwa beech akalekereredwa amatalika n'kupha thundu amene ankamuteteza.

4. Kuthothola mphukira zikadali zanthete. Njirayi imagwira ntchito koma ndi yodula, popeza maso otsala m'tsinde amaphukanso ndipo pamafunika kubwereza. Ku Britain, kuyambira m'chaka cha 1950, akatswiri a zankhalango adayesa kupatsa thundu malo ambiri m'nkhalango ya Crumbland kufupi ndi Tintern ku Wales. Mitengo idanenepadi msanga kuposa ya m'nkhalango yothinana, koma kuti mathunthu akhale oyera padafunika kutengulira.

5. Kusankha nthawi. Sibwino kupatulira mitengo imene yangovutika kumene ndi mbozi kapena chilala. Ayenera kuidikira kuti mitu yake ichire.

6. Kutola mbewu pa mitengo yabwino, popeza khalidwe lophuka pathunthu limatsatirako mtundu.

Tibwerere kwathu

Kuno kwathu tilibe nkhalango za thundu, koma maso ogona tili nawo ponseponse. Bulugamu akapsa ndi moto wolusa, thunthu lake limadzaza mphukira. Mango akadulidwa nthambi zikuluzikulu amaphukanso pa mitengo yokalamba. Zitsa za mombo ndi tsamba m'nkhalango zathu zachilengedwe zimaphuka bwino ngati moto ndi mbuzi zazipatsa mpata, ndipo kwa mayi wofuna nkhuni limeneli ndi dalitso. Paini wa ku Chikangawa ndi pa phiri la Zomba ndi wosiyana: chitsa chake sichiphuka, ndipo mfundo za m'matabwa ake zimachokera ku nthambi wamba, n'chifukwa chake amamutengulira akadali wamng'ono. Tikuona tsono kuti mphukira si yabwino kapena yoipa payokha. Zimatengera chimene mwini mtengo akufuna, nkhuni kapena thabwa.

Nanga bulugamu wathu uja? Aphunzitsi adatibwezera komweko kukathothola mphukira ndi manja. Patapita kanthawi zina zidatulukanso pamalo omwe aja, monga mmene ndafotokozera, ndipo tidapitanso kachiwiri. Mitengo tidagwetsa masana amodzi, koma kukonza zotsatira zake kwatitengera nyengo yonse ya mvula.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi ndi nthawi. Munthu amene akupaka utoto pa kamtengo ka thundu ka zaka 40 sadzaona matabwa ake, ngakhale mdzukulu wake sadzawaona. Colbert ankasamalira nkhalango poganiza za sitima zamatabwa, koma pofika zaka za m'ma 1860 sitima zankhondo zidali zitayamba kukutidwa ndi zitsulo. Komabe nkhalango zosamalidwa bwinozo sizidapite pachabe, chifukwa mibadwo yotsatira idapezamo ntchito zina. Ifenso tikapatsidwa nkhwangwa pa ntchito za manja, tiyambe tafunsa kuti ndi mtengo uti utsale, tisanafunse kuti ndi uti ugwe.

Mafunso odziyesera

1. Kodi diso logona limatani kuti lisakwiririke thunthu likamanenepa?
2. Fotokozani chifukwa chake fodya wothenedwa amatulutsa tiana.
3. Tchulani zinthu zitatu zimene zimasintha kwa mtengo wotsala akapatulira nkhalango.
4. N'chifukwa chiyani kusapatulira konse sikuthetsa vuto la mphukira za pathunthu?
5. Ngati mzere wa chaka ndi wa mamilimita 3, papita zaka zingati kuti thunthu lifike masentimita 60 m'mimba mwake?

Amene apeze yankho la funso lachisanu andipeze ku kamunda ka bulugamu Loweruka likudzali, ndipo asaiwale kubwera ndi manja ake awiri.